Warfarin, Clexane kapena apixaban? Kusankha mankhwala osungunula magazi kwa munthu amene akudwala kale impso, chiwindi, khansa kapena TB

Aliyense amene wayamba mankhwala osungunula magazi amauzidwa kuti aziyang'anira kamfuno, magazi m'nkhama, mkodzo wofiira ndi chimbudzi chakuda bii. Malangizowa ndi oona, koma amangonena za magazi ooneka ndi maso. Magazi amene amapha anthu odwala kale matenda ena aakulu nthawi zambiri satuluka kunja. Amatha kuchuchira m'kati mwa mnofu wa pamimba, kuseri kwa matumbo, m'fupa la msana kapena pansi pa lilime, ndipo chimene wodwala amanena n'chakuti "pakundiwawa apa". Choncho posankha mankhwala, funso lalikulu si lakuti amphamvu ndi ati. Mafunso ake ndi akuti: mankhwalawa atuluka bwanji m'thupi la munthu uyu, akakumana ndi mankhwala ati m'mimbamo, ndipo magazi akayamba kutayika usiku tidzawaletsa ndi chiyani?

Njira zimene zilipo

Warfarin ndi pilisi lotchipa komanso lodziwika. Limagwira ntchito potsekereza vitamini K m'chiwindi, limachedwa kuyamba (masiku pafupifupi 5) ndipo limachedwanso kutha. Limafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, muyezo wotchedwa INR, umene kwa anthu ambiri uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Kuipa kwake n'kwakuti limasokonezeka ndi mankhwala ambirimbiri ndiponso kadyedwe. Ubwino wake umene anthu amauiwala ndi wakuti mphamvu yake imayezeka, ndipo mankhwala olibweza, vitamini K, amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse.

Heparin wa m'diripi ndi wa odwala ogonekedwa basi. Amafuna pampu komanso kuyeza APTT, muyezo woonetsa nthawi imene magazi akutenga kuti aundane, maola 6 aliwonse poyamba, zimene zimatopetsa anamwino ndi a ku labu. Koma mukatseka diripi, theka la mphamvu yake limatha mu ola limodzi kapena limodzi ndi theka, ndipo mankhwala otchedwa protamine amamubweza yense. Kwa munthu amene tikumuopera kuti ataya magazi nthawi iliyonse, palibe oposa ameneyu.

Enoxaparin, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Clexane, ndi jekeseni ya pakhungu: 1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kawiri patsiku. Sasokonezeka ndi ma ARV kapena mankhwala a TB, koma amatuluka kudzera mu impso, ndipo protamine amangobweza gawo la mphamvu yake, pafupifupi magawo 60 pa 100.

Kenako pali mapilisi atsopano: apixaban, rivaroxaban, edoxaban ndi dabigatran. Safuna INR, ndipo pa kafukufuku wamkulu wa anthu amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, kutaya magazi mu ubongo kunachepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi warfarin. Koma si amodzi ayi. Impso zimachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a dabigatran, 50 a edoxaban, gawo limodzi mwa atatu la rivaroxaban, ndi 27 okha a apixaban. Manambala amenewa ndi amene amagamula nkhani zambiri zili m'munsizi.

Impso zikafooka

Apa ndi pamene kulakwitsa kumachitika kawirikawiri, ndipo kumayambira pa kuwerenga creatinine yekha, muyezo wa m'magazi umene umakwera impso zikafooka. Tengani mayi wa zaka 70, wolemera makilogalamu 48, creatinine wake ali 110. Papepala akuoneka ngati wangokwera pang'ono. Koma werengani motsatira njira ya Cockcroft-Gault: chotsani zaka pa 140, chulukitsani ndi kulemera kwake, kenako ndi 1.04 kwa mkazi kapena 1.23 kwa mwamuna, n'kugawa ndi creatinine. Yankho, limene limaonetsa mmene impso zikusefera magazi, ndi 32. Mayiyu akatsegula m'mimba masiku angapo creatinine n'kufika 160, yankho limatsika kufika 22, koma jekeseni za enoxaparin zikupitirira kawiri patsiku monga zinalembedwera tsiku logonekedwa. Muyezowu ukatsika pansi pa 30, enoxaparin ayenera kuperekedwa kamodzi kokha patsiku, ndipo dabigatran ayenera kuleka.

Zimene zimatsatira kuunjikana kwa enoxaparin kotereku ndi mitundu iwiri ya kutaya magazi imene imasocheretsa madokotala. Woyamba umachitikira mu mnofu wautali wa kutsogolo kwa mimba. Kamtsempha kamene kamadutsa kuseri kwa mnofuwu kamang'ambika munthu akamatsokomola kwambiri, kapena kabayidwa ndi singano imene yalowa mwakuya mwa munthu wowonda. Wodwala amamva kuwawa mwadzidzidzi mbali imodzi pansi pa mchombo, pamatuluka chotupa cholimba, ndipo chikakhala kumanja amachiyesa apendikisi. Pali kayezedwe kosafuna makina: mugonekeni chagada, dinani powawapo, ndiye mumuuze adzutse mutu ndi mapewa. Vuto likakhala m'matumbo ululu umachepa chifukwa mnofu wauteteza. Likakhala mu mnofu momwemo, ululu umakhala momwemo kapena kuwonjezeka, ndipo chotupa chija chimamvekabe m'manja. Kumunsi kwa mchombo mnofuwu ulibe chikuta cholimba kumbuyo kwake, choncho magazi amatha kusefukira m'chinena ochuluka zedi.

Zambiri mwa izi zimapeweka ndi kabayidwe. Bayani m'mbali mwa mimba, kutali ndi mchombo masentimita 5 kapena kuposa. Tsinani khungu ndi zala ziwiri, lowetsani singano molunjika, ndipo musasiye khungulo mpaka mankhwala atatha. Osatikita pobayidwapo. Sinthani mbali tsiku lililonse.

Mtundu wachiwiri ndi woopsa kwambiri: magazi kutayikira kuseri kwa mimba, mu mnofu wa iliopsoas umene umachokera kumsana kutsikira ku ntchafu. Malo amenewa amatha kusunga malita a magazi popanda kutupa kooneka. Wodwala amadandaula m'chiuno, m'mphechepeche kapena m'nthiti mwa m'munsi, amagona atapinda mwendo, ndipo mukauwongola amakuwa. Mtsempha wa femoral, umene umapereka mphamvu ndi kumva ku ntchafu, ukapanikizika, kutsogolo kwa ntchafu kumachita dzanzi ndipo bondo limagwa akaima. Ambiri amapatsidwa diclofenac kapena Brufen poganiza kuti ndi nyamakazi, zimene zimangowonjezera kutaya magazi ndi kuvulaza impso. Sikani wamba ya pamimba ikhoza kuphonya. Sikani ya CT ndiyo imaonetsa bwino. Kumene CT ili kutali, kugunda kwa mtima kumene kukuthamangirathamangira ndi Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) imene ikutsika pa miyezo iwiri yotsatizana n'zokwanira kuimitsa mankhwala.

Ndiye kwa odwala impso tisankhe chiyani? Akakhala m'chipatala ndipo impso zikusinthasintha tsiku ndi tsiku, heparin wa m'diripi. Akakhala kunyumba, apixaban ndiye amapambana anzake. Kwa amene akumwa chifukwa cha kugunda kosalongosoka kwa mtima, mlingo umatsika kuchoka pa 5 mg kufika pa 2.5 mg kawiri patsiku ngati zinthu ziwiri mwa zitatu izi zilipo: zaka 80 kapena kuposa, kulemera kosapitirira makilogalamu 60, creatinine wa 133 kapena kuposa. Warfarin sadalira impso potuluka, komabe si wosalakwa. INR ikapitirira 3 mwa munthu wa impso zofooka, magazi amatha kutayikira m'timasefa ta impso n'kutseka timapaipi take, creatinine n'kukwera m'sabata yomweyo. Anthu oterewa kawirikawiri amafuna mlingo wocheperako, ndipo INR ikakwera ndi bwino kuyezanso impso.

TB, HIV ndi mankhwala ake

Matenda awiriwa amachulukitsa kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo ndi m'mapapo, kotero si zachilendo kupeza munthu ali pa mankhwala a TB, ma ARV, Bactrim ndi warfarin nthawi imodzi.

Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Mapilisi atsopano onse anayi amafooka naye, ndipo popeza palibe muyezo wamba woonetsa kuti afooka motani, saperekedwa limodzi. Otsala ndi warfarin ndi enoxaparin. Warfarin amagwira, koma mlingo umayenera kukwezedwa kawiri kapena kuposa, ndipo INR imatenga masabata kuti ikhazikike. Panthawiyi jekeseni za enoxaparin ndizo zimateteza wodwala. Ngozi yeniyeni ili kumapeto. Tsiku limene munthu wamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB, a ku kiliniki ya TB amamutulutsa mwachimwemwe, koma mlingo waukulu wa warfarin uja palibe waukhudza. Chiwindi chimabwerera mwakale pang'onopang'ono m'masabata awiri kapena kuposa, INR n'kumakwera mwakachetechete. Tsiku lomaliza rifampicin liyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo pa tsamba la warfarin, ndipo INR iziyezedwa sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu kapena kuposa, mlingo ukutsitsidwa.

INR ikafika 8 kapena 10 mwa njira imeneyi, pamabuka zinthu zimene dokotala angazione kamodzi pa zaka zambiri. China ndi magazi kulowa m'chikuta cha matumbo aang'ono, makamaka chigawo cha jejunum. Matumbo amatupa n'kutsekeka, munthu amasanza, mimba imafufuma, ndipo amathamangira naye ku opaleshoni. Koma ambiri amachira popanda mpeni: kuimitsa warfarin, vitamini K, kapaipi ka m'mphuno, madzi a m'diripi, osadya masiku angapo. Munthu wa warfarin akabwera ndi matumbo otsekeka, INR iyezedwe asanakonzere fiyeta. China ndi kutupa pansi pa lilime. Kumayamba ngati zilonda zapakhosi, mawu amasintha, malovu amavuta kumeza, ndipo mukamuyasamitsa mumaona lilime latukulidwa ndi chotupa chofiirira ngati nthudza. Izi zimatseka mpweya m'maola ochepa. Wodwalayo akhale tsonga, pafupi ndi wodziwa kulowetsa paipi yopumira.

Mankhwala ena amakankhira INR m'mwamba m'masiku ochepa chabe: Bactrim, makamaka pa mlingo waukulu wochizira chibayo, Flagyl, fluconazole, ngakhale miconazole wopaka m'kamwa. Matenda oumitsa khosi a cryptococcus amasonkhanitsa zoopsa ziwiri pamodzi. Fluconazole amaperekedwa wochuluka, 1200 mg patsiku masabata awiri oyamba kenako 800 mg kwa masabata 8, ndipo wodwala amapopedwa madzi a pamsana mobwerezabwereza. Singano ya pamsana mwa munthu wa magazi osaundana imatha kusiya magazi amene amapanikiza mtsempha waukulu wa msana. Zizindikiro zake ndi kuwawa msana kwatsopano, miyendo kulemera, dzanzi pakati pa miyendo, ndi mkodzo kukanika kutuluka. Opaleshoni ikachedwa kupitirira maola 8 mpaka 12, mwayi woyendanso umachepa kwambiri. Malamulo a nthawi ndi awa: padutse maola 12 chibayireni enoxaparin wa mlingo wodzitetezera, maola 24 wa mlingo wochizira, masiku awiri kapena atatu kwa mapilisi atsopano, ndipo INR isapitirire 1.4. Chifukwa chake munthu amene azipopedwa pamsana kangapo ndi bwino akhale pa heparin kapena enoxaparin, osati warfarin.

Pa ma ARV, dolutegravir wachepetsa mavuto: sasokoneza mankhwalawa kwenikweni. Amene ali pa atazanavir kapena lopinavir wosakaniza ndi ritonavir nkhani ndi ina. Ritonavir amachulukitsa rivaroxaban m'magazi kawiri ndi theka, ndipo apixaban nayenso amakwera. Kwa iwowa, warfarin woyezedwa bwino kapena enoxaparin.

Chiwindi

Chiwindi chouma chimanamiza muyezo. INR imakhala yokwera kale munthu asanamwe kanthu, koma zimenezi sizitanthauza kuti ndi wotetezeka ku kuundana kwa magazi, chifukwa chiwindi chomwecho chalekanso kupanga zinthu zachilengedwe zoletsa kuundana. Ndiye warfarin amakhala wopanda chomuwongolera chodalirika. Pa muyezo wa Child-Pugh, umene umagawa odwala malinga ndi mmene chiwindi chawonongekera, gulu A limalola mapilisi atsopano. Gulu B limakana rivaroxaban, ndipo ena amaperekedwa mosamala. Gulu C limakana onse, n'kutsala enoxaparin ngati n'kofunikadi. Asanayambe chilichonse, funso ndi la mitsempha yotupa ya kummero, imene kuno ku Malawi imabwera ndi hepatitis B, mowa, komanso likodzo la m'matumbo mwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo. Wa likodzo amatha kukhala ndi miyezo ya chiwindi yooneka bwino koma mitsemphayo itatupa kale. Kuunika kummero, kumanga mitsempha ndi propranolol zitsogole.

Khansa

Kwa zaka zambiri, kuchokera pa kafukufuku wa CLOT wa 2003, jekeseni za m'gulu la enoxaparin zinali patsogolo pa warfarin kwa odwala khansa, amene amasanza, sadya bwino, ndipo INR yawo sikhazikika. Mu 2018 kafukufuku wa edoxaban ndi wa rivaroxaban anaonetsa kuti mapilisi amateteza bwino, koma magazi amatayika kwambiri mwa amene ali ndi chotupa cha m'njira ya chakudya chimene sichinachotsedwe. Kafukufuku wa Caravaggio wa 2020 sanapeze kuwonjezeka kwa kutaya magazi kwakukulu ndi apixaban. Ku Malawi, kumene khansa ya kummero, ya khomo la chiberekero ndi ya Kaposi zili m'gulu la zofala kwambiri, zimenezi zili ndi tanthauzo lenileni: chotupa cha kummero, cha m'chifu, cha m'chikhodzodzo kapena cha khomo la chiberekero chimene chikutuluka magazi kale chimatikankhira ku enoxaparin, amene mlingo wake ungatsitsidwe kapena kudumphidwa tsiku lomwelo. Chotupa chimene chili kutali ndi njira zimenezi chimalola apixaban, ndipo kumuchotsera munthu wowonda jekeseni ziwiri patsiku kwa miyezi 6 si chinthu chaching'ono.

Maplatelet, tizigawo ta magazi tothandiza kuundana, aziyezedwa pa gawo lililonse la kemo. Akakhala 50 kapena kuposa, mlingo wonse. Pakati pa 25 ndi 50, theka la mlingo wa enoxaparin. Pansi pa 25, imitsani.

Pali kutsika kwina kwa maplatelet kumene kumachititsidwa ndi heparin yemweyo, pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, akagwa ndi theka kapena kuposa. Chodabwitsa n'chakuti vutoli limaundanitsa magazi, ndipo likatseka mitsempha ya tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso, tiziwaloto timadzaza magazi mbali zonse ziwiri. Munthu amamva kuwawa m'mimba kapena m'nthiti, thupi limatentha, BP imagwa osadzuka ngakhale athiridwe madzi, sodium amatsika potassium n'kukwera. Aliyense amaganiza za tizilombo m'magazi. Hydrocortisone wa 100 mg m'mtsempha amapulumutsa moyo, ndipo palibe chifukwa chodikirira sikani. Heparin wa mtundu uliwonse, Clexane yemwe, aleke pomwepo.

Pamene palibe chosankha

Amene anaikidwa valavu yachitsulo mu mtima amamwa warfarin, basi. Dabigatran anayesedwa mwa iwo mu kafukufuku wa RE-ALIGN wa 2013 ndipo anachulukitsa sitiroko ndi kutaya magazi komwe. Amene valavu yawo inawonongeka ndi matenda a rheumatic (a mtima, obwera pambuyo pa zilonda zapakhosi) ndipo mtima ukugunda mosalongosoka, kafukufuku wa INVICTUS wa 2022, wa anthu oposa 4,500 a ku Africa, Asia ndi Latin America, anapeza imfa zochepa mwa omwa warfarin ndi anzake a gulu lake kusiyana ndi omwa rivaroxaban. Ambiri mwa odwalawa ndi atsikana ndi amayi achitsikana, ndipo iwo ali ndi vuto lawolawo: dzira likatuluka, pamalo pake pamatha kuchucha magazi ambiri m'mimba, makamaka theka lachiwiri la mwezi. Zimafanana ndi mimba ya kunja kwa chiberekero, choncho kuyeza mimba ndi INR zichitike limodzi. Zikachitika kamodzi, njira yolera yoletsa dzira kutuluka, yopanda estrogen, ikambidwe. Jekeseni yolera ya pakhungu ndi yabwino kuposa ya mu mnofu, popeza jekeseni iliyonse ya mu mnofu imatha kusiya chotupa cha magazi. Ali woyembekezera, warfarin amavulaza mwana makamaka pakati pa sabata la 6 ndi la 12, mapilisi atsopano saloledwa, ndipo dongosolo lake limafuna dokotala wa mtima ndi wa amayi akhale pamodzi mimba isanayambe.

Kwa omwa warfarin onse, masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru ali ndi vitamini K wambiri, koma sitiletsa. Chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata. Choopsa ndi munthu amene wadwala n'kusiya kudya masiku anayi kapena asanu koma mapilisi akumwabe.

Magazi akayamba kutayika

Apa mpamene kuyerekeza kumatembenuka, chifukwa mankhwala amakono kwambiri ndi amene amavuta kubweza m'chipatala wamba. Warfarin amabwezedwa ndi vitamini K wa 5 mg m'mtsempha, pang'onopang'ono, koma amayamba kugwira patadutsa maola 4 mpaka 6, ndiye pamafunika chothandiza msanga: PCC (zoundanitsa magazi zosonkhanitsidwa pamodzi) wa mayunitsi 25 mpaka 50 pa kilogalamu, kapena kumene kulibe, madzi a magazi owumitsidwa a FFP, 15 ml pa kilogalamu. Kwa munthu wa makilogalamu 60 amenewa ndi pafupifupi lita imodzi, yolemetsa mtima wofooka. Heparin amabwezedwa ndi protamine, 1 mg pa mayunitsi 100 aliwonse operekedwa m'maola awiri kapena atatu apitawo, osapitirira 50 mg. Dabigatran amabwezedwa ndi idarucizumab wa 5 g, ndipo amachokanso ndi dayalisisi. Apixaban ndi rivaroxaban amafuna andexanet kapena PCC. Popanda zimenezi chotsala ndi makala a chipatala ngati pilisi lamwedwa m'maola awiri mpaka anayi apitawo, tranexamic acid wa 1 g, kuika magazi, ndi kudikira. Theka la mphamvu yawo limatha pa maola pafupifupi 12 ngati impso zili bwino, motero funso loyamba kwa woyang'anira wodwala ndi lakuti, "Pilisi lomaliza anamwa nthawi yanji?" Vitamini K sathandiza pa mapilisi amenewa, ndipo INR yooneka bwino sikutanthauza kuti apixaban watha m'thupi.

INR ikakwera popanda kutaya magazi, pakati pa 5 ndi 8 amadumpha tsiku limodzi kapena awiri n'kuyambiranso ndi mlingo wochepa. Ikapitirira 8 amawonjezera vitamini K wakumwa wa 1 mpaka 5 mg ndi kuyezanso mawa lake. Kupereka wochuluka kwa munthu wa valavu yachitsulo kumapangitsa kuti warfarin akanike kugwira kwa sabata kapena kuposa.

Kuyambiranso kumadalira chimene chinachititsa. Ngati chinali Flagyl, rifampicin wosiyidwa kapena impso zimene zachira, chifukwacho chachoka ndipo mankhwala angabwerere. Pambuyo pa kutaya magazi m'matumbo, ambiri amayambiranso patadutsa masiku 7. Pambuyo pa mu ubongo, masabata 4 mpaka 8, kupatula a valavu yachitsulo amene amayambiranso msanga. Munthu amene magazi anaundana m'mtsempha waukulu wa mwendo kapena m'mapapo mwezi usanathe, koma sangalandire mankhwala konse, angaikidwe kasefa mu mtsempha waukulu wa m'mimba kumene luso limeneli lilipo, ndipo kasefako kachotsedwe mankhwala akangoyambiranso.